Musanachotse injini pa kathirakitala kotchetchera kapinga, werengani mabatire

Chaka chilichonse mvula ikangokhazikika mu Disembala, kugalaja kwanga kuno ku Zomba kumabwera anthu osamalira mabwalo a sukulu, a matchalitchi ndi a malo ogona alendo ali ndi pempho limodzimodzi: "Amakaniko, tichotsereni injini ya petulo pa kathirakitala aka, mutiikire mota ya magetsi, mizere ya mafuta yatikwana." Kukwanako ndikukumvetsa, popeza nanenso ndagonapo pamzere. Chimene chanditopetsa ine ndi maganizo akuti ntchito yonse yagona pa kugula mota, pomwe mota ndi kagawo chabe ka ndalama zimene zidzatuluke m'thumba.

Ndalama zenizeni zili m'mabatire. Makina ena a magetsi ogula okonzeka kale, monga ena a kampani ya Ryobi, amayendera mavoti 48 ochokera m'mabatire anayi a mavoti 12. Batire lililonse likakhala la 100Ah (muyeso wa magetsi amene batire limasunga), onse pamodzi amasunga 4.8 kWh, ndiye kuti mayunitsi 4.8 a magetsi, koma batire la asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka, choncho yanu ndi 2.4 kWh yokha. Tinene kuti mipeni ndi matayala zikudya 3 kW, kapena kuti mayunitsi atatu pa ola, pa kapinga wonyowa wa mu Januwale: ola silidzakwana makina asanafooke. Lita imodzi ya petulo ili ndi pafupifupi 9 kWh, ndipo ngakhale injini imataya magawo atatu mwa anayi ngati kutentha, yotsalayo ikufanana ndi mabatire anayi aja, olemera makilogalamu oposa 100. Mabatire a lithium ndi opepuka ndipo amakhalitsa, koma mtengo wake umatsata dola, ndipo tonse tikudziwa mmene katundu woitanitsa kunja anakwerera kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamwamba pake onjezani controller (kachipangizo kowongolera mphamvu yopita ku mota), chaja, fyuzi yaikulu ndi mawaya onenepa otha kupirira ma amp oposa 60.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsabe tulo. Bambo wina wosamalira malo ogona alendo m'munsi mwa phiri atamva mtengo wanga anapita kwa munthu wokonza mawailesi amene analonjeza kugwira ntchitoyo pa theka la ndalamazo. Munthuyo anaika mabatire a galimoto, amene ntchito yake ndi kuliza injini kwa masekondi ochepa basi, analumikiza ndi mawaya a m'nyumba popanda fyuzi, ndipo switch ya pansi pa mpando, imene imaimitsa mipeni woyendetsa akadzuka, anaidula chifukwa inkamusokoneza. Sabata yachitatu waya unayamba kufuka utsi, mnyamata woyendetsa analumpha ndi mantha mipeni ikuzungulirabe, ndipo zala ziwiri za kuphazi zinatsala m'kapinga. Makinawo atafika kwa ine ndinatsegula injini yakale ija, imene ankati yafa, ndipo ndinapeza kuti kabuleta yokha, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ndi imene inali itatsekeka. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, ndipo akagona mu kabuleta chilimwe chonse amasiya zomata zotseka timabowo ta mafuta. Inali ntchito ya masana amodzi.

Sindikunena kuti makina a magetsi ndi achabe. Pabwalo laling'ono ndi lathyathyathya, makamaka pamene pali kale sola ndi mabatire abwino, amapulumutsa pa oilo, mapulagi, zosefera ndi phokoso limene alendo amadandaula nalo m'mawa. Koma gulani opangidwa kale m'malo mosintha akale, ndipo musanalipire funsani komwe mudzapeze batire lina, chifukwa la asidi likakhala miyezi osatchajidwa limafa osadzukanso. Kumbukiraninso kuti nyengo yotchetcha ndi yomwenso magetsi amavuta. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala miyezi yambiri magetsi akuthima maola ochuluka, kapinga akukulabe.

Za malo otsetsereka ndinene mwachidule, popeza Zomba ndi wa zitunda. Opanga makinawa amaletsa kuwayendetsa pamalo opendekeka kupitirira madigiri 15, ndipo mukaunjika mabatire olemera pamalo pamene panali injini, kapena kumbuyo kwa mpando, mwasintha kakhalidwe ka makinawo moti sachedwa kugubuduka. Pamalo otere tumizani anthu ndi zikwakwa kapena makina onyamula paphewa.

Ngati kathirakitala kanu kakuvuta kulira, musakasunge mpaka Febuluwale kapinga atafika m'mawondo. Kabweretseni tsopano tiyeze compression (mphamvu imene injini imapanikizira mpweya), tione kabuleta ndi malamba, ndipo mu Meyi mukamaliza kutchetcha, khetsani petulo yense mu thanki ndi mu kabuleta musanakatsekere m'shedi.