Akaunti yosalipiritsa ya pa intaneti: zoyenera kuona musanaidalire kwathu kuno ndi kunja

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amalonda a muno mu Chipata kusunga mabuku a ndalama zawo, funso limene layamba kubwera kawirikawiri ndi lokhudza maakaunti otsegulira pa foni, amene otsatsa ake amati salipiritsa kanthu. Ofunsa ambiri ndi anthu oyendayenda: mayi amene amakaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo mu Dar es Salaam, bambo amene amadutsa pa Mwami kawiri pamwezi kupita ku Lilongwe, kholo limene mwana wake akuphunzira ku Johannesburg. Onsewa amafuna akaunti imodzi yoti azigulira mayunitsi a ZESCO ali pakhomo, yomwe idzawagwirirenso ntchito akawoloka malire. Chimene ndimawauza n'chakuti mawu oti "yaulere" nthawi zambiri amanena za chinthu chimodzi chokha, ndicho ndalama imene banki imadula mwezi ndi mwezi chifukwa chokusungirani akaunti, pomwe ndalama zambiri za munthu woyenda zimathera pa zinthu zina zimene sizilembedwa pa chikwangwani.

Ndibwino kudziwanso kuti zina mwa zimene otsatsa amadzitamira nazo si mphatso ayi, koma lamulo. Mu 2018 Bank of Zambia, banki yaikulu ya dziko, inaletsa mabanki kudula ndalama pa ntchito zingapo, kuphatikizapo kutsegula akaunti ndi kuika ndalama pa kauntala. Choncho wina akakuuzani kuti kwa iwo kutsegula n'kwaulere, sanakuuzeni chilichonse chowasiyanitsa ndi anzawo.

Musanayang'ane mitengo, fufuzani kuti amene adzasunga ndalama zanu ndani. Pali banki yeniyeni imene ili ndi chiphaso pansi pa lamulo la Banking and Financial Services Act la 2017, ndipo pali kampani imene imangololedwa kusunga ndi kutumiza ndalama za pa foni, yomwe ndalama za makasitomala ake imayenera kuziika m'banki ina mosiyana ndi zake. Zonse ziwirizi zikhoza kukhala zabwino, koma dzina lake liyenera kupezeka pa mndandanda wa ovomerezedwa umene Bank of Zambia imasindikiza, ndipo ngati silikupezeka nkhani ithere pomwepo. Ngakhale chiphaso chilipo, musaike chuma chonse m'thumba limodzi, pakuti tinaona banki yaikulu ya dziko ikulanda banki ya Intermarket mu 2016 ndi ya Investrust mu 2024, ndipo amene anali ndi akaunti imodzi yokha anadikira kwa nthawi asanagwirenso ndalama zawo. Maakaunti amene achibale athu a ku Ulaya amayamikira, monga Revolut ndi N26, amafuna kuti munthu azikhala m'maiko amene makampaniwo amagwirako ntchito. Kutsegula ndi adiresi yobwereka kwa mlamu n'koopsa, chifukwa tsiku limene adzakufunseni umboni wa kumene mumakhala akhoza kutseka akauntiyo ndalama zili momwemo.

Za kwathu kuno sizovuta kwambiri kuziyeza. Akaunti yovomerezeka idzakufunsani NRC, chiphaso cha unzika, ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, ndipo zimenezo zisakudabwitseni. Chofunika ndi kuona mmene ndalama yogwirika imalowera ndi kutuluka, chifukwa malonda athu ambiri akadali a pamanja. Mlimi wa ku Lundazi akagulitsa soya kapena mtedza amafuna kulipira aganyu ndi ndalama yooneka, ndipo wogulitsa pa Kapata kapena pa Saturday Market amaweruka madzulo ndi ndalama zoti akaike. Banki imene ilibe nthambi kapena makina akeake a ATM m'tauni ino imakukakamizani kugwiritsa ntchito makina a banki ina, kapena kusamutsira ndalama ku Airtel Money kapena MTN MoMo kuti mukatape pa buthi. National Financial Switch, njira yolumikiza mabanki ndi makampani a ndalama za pa foni, inapangitsa kusamutsa kotereku kukhala kosavuta, koma sikuti pa khomo lililonse mumadutsa osasiyapo kanthu: pakhoza kukhala ndalama yochotsera ku banki, ina yotapira pa buthi, ndiponso kuyambira mu Januwale 2024 pali msonkho wa boma potumizirana ndalama za pa foni. Tengani pepala la mitengo, limene ku banki amati tariff guide, mulembe zimene mumachita pa mwezi wamba, muwonkhetse. Ndaonapo akaunti yodula pang'ono pamwezi ikutuluka yotchipa kusiyana ndi yaulere kwa munthu amene amatapa ndalama tsiku lililonse.

Kunja ndiye kumene kuli nkhani yaikulu, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge modekha. Mukalipira ndi khadi la kwacha m'sitolo ya ku Johannesburg, mtengo wa katundu uli mu marandi, ndipo uyenera kusinthidwa kuti ufike ku akaunti yanu. Visa kapena Mastercard amasintha pa mtengo wawo wa tsikulo, nthawi zambiri kudzera mu dola ya ku America, kenaka banki yanu imasintha madolawo kukhala makwacha pa mtengo wake wogulitsira, ndipo mabanki ambiri amawonjezerapo maperesenti awo chifukwa malondawo achitikira kunja. Zambiri mwa izi sizioneka ngati chindapusa pa sitetimenti, chifukwa zabisala mkati mwa mtengo wosinthira, umene amalonda amangoti reti. Tiyerekeze kuti mwaoda katundu wa marandi 20,000, ndipo reti imene mwapatsidwa ili pamwamba ndi 3 peresenti poyerekeza ndi ya pamsika wa mabanki. Pamenepo mwataya ndalama yofanana ndi marandi 600 pa ulendo umodzi, ndipo kwa wamalonda woyenda mwezi uliwonse imeneyo ndi ndalama yoposa kutali chindapusa cha pamwezi chimene anachithawa. N'chifukwa chake funso loyamba kwa banki lisakhale lakuti amadula zingati pamwezi, koma lakuti amawonjezera maperesenti angati pa reti ya Visa kapena Mastercard, ndipo yankho alipereke polemba.

Kutapa ndalama pa ATM ya kunja kumaonjezera zina ziwiri pamwamba pa reti: chindapusa cha banki yanu, ndi cha mwini makina, amene amachisonyeza pa sikirini musanavomere. Popeza zindapusa zimenezi zimadulidwa nthawi iliyonse mukatapa, kutapa pang'onopang'ono kumadya ndalama zambiri, koma makina ambiri ali ndi malire a zimene angatulutse kamodzi, ndipo khadi lanu lilinso ndi malire ake a patsiku. Makina ena, makamaka akaona khadi la akaunti ya madola, amafunsa ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya khadi lanu kapena ya dziko limene muli. Sankhani ndalama ya dzikolo, chifukwa mukasankha inayo reti amaika ndi mwini makina, ndipo kawirikawiri imakhala yoipa kuposa ya banki yanu. Onetsetsaninso ngati khadi limene akupatsani ndi logwirika, pakuti maakaunti ena a pa foni amapereka nambala ya khadi yokha, yogulira zinthu pa intaneti, imene simungailowetse m'makina.

Kwa oyandikana nafe a ku Malawi pali chinthu chapadera. Kwacha ya kumeneko inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kwa nthawi yaitali reti ya boma yakhala yosiyana kwambiri ndi imene anthu amatchula pamsewu. Khadi limatsatira reti ya mabanki, motero munthu amene wazolowera mitengo yomveka pa malire amaona ngati khadi lamubera akagula ku Lilongwe. Sindikulangiza aliyense kusintha ndalama kwa anthu opanda chiphaso, chifukwa n'kulakwira lamulo ndipo ndalama zachinyengo zimalowera pomwepo, koma ndibwino kudziwa chifukwa chake masamu a khadi sagwirizana ndi a pamsewu musanaike mtengo pa katundu wanu.

Vuto limene limandimvetsa chisoni kwambiri si la mitengo. Mayi wina amene ndimamuthandiza mabuku anafika ku Dar es Salaam atayenda usiku wonse kudzera pa Nakonde, anasankha mabelo ake, mwini sitolo anawalemba dzina ndi kuwaunjika pakhomo. Atafuna kusamutsa ndalama kuchokera ku akaunti yosungira kupita ku ya khadi, app inamupempha nambala ya OTP, yachinsinsi yogwira kamodzi kokha imene banki imatumiza pa foni, ndipo nambalayo inapita ku simukhadi imene anaisiyira mwana wake ku Chipata kuti azilandira maoda. Mwanayo anali m'kalasi foni itazimitsidwa. Pofika madzulo mayiyo anali atayesa PIN yolakwika chifukwa cha kubalalika, khadi linatsekedwa, ndipo banki yake inalibe nambala yoimbira kuchokera kunja, koma ya manambala ochepa imene imagwira mu Zambia mokha. Anagona masiku awiri owonjezera m'nyumba ya alendo, basi yake inapita, ndipo phindu la ulendowo linathera pa malo ogona. Akaunti ya pa intaneti ilibe manijala woti mungamugogodere pakhomo, choncho musanaidalire funsani ngati OTP ingabwere pa imelo kapena mkati mwa app, ngati layini yanu ili ndi roaming, kutanthauza kuti idzagwirabe ntchito m'dziko limene mukupita, ngati mungatseke ndi kutsegula khadi nokha pa foni, ndiponso ngati pali munthu amene amayankha usiku ndi Lamlungu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Olandira ndalama kuchokera kwa achibale akunja afunsenso ngati akauntiyo imalandira kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki a m'maiko osiyanasiyana amatumizirana ndalama, chifukwa si onse a pa foni amene amatero, ndipo adziwe kuti mabanki apakati amadulako zawo ndalama isanafike. Ngati akauntiyo ndi ya kwacha yokha, madola amasinthidwa pofika pa reti yogulira ya banki, imene imakhala yotsika kuposa yogulitsira.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi kuyesa ndi ndalama yochepa. Tsegulani akauntiyo, muikemo zimene simungalire nazo zitachedwa, mugule mayunitsi, mutape pa ATM ya banki ina, musamutsire ku foni, kenaka mugule kanthu kakang'ono pa intaneti kolipira mu madola. Tsiku lomwelo lembani reti imene Bank of Zambia yalengeza, ndipo ndalama ikadulidwa gawani makwacha amene achoka ndi madola amene munagula. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiwo mtengo weniweni wa akauntiyo mukakhala kunja. Imbaninso nambala yawo yothandizira makasitomala usiku wa Loweruka, muone ngati ayankha ndiponso atenga mphindi zingati. Pa ulendo woyamba nyamulani khadi lachiwiri la banki ina, muliike m'chikwama china, pamodzi ndi ndalama zogwirika zokwanira basi yobwerera ndi malo ogona a masiku awiri.