Agogo akuona njira koma sakuona nkhope

Pali agogo amene amachoka okha ku Chinamwali mpaka kumsika wa Zomba osapunthwa, koma mdzukulu akaima patsogolo pawo samuzindikira. Achibale amati ndi ng'ala. Ife oyeza maso tikaunika, nthawi zina timapeza kutsogolo kwa diso kuli mbee, vuto lili mkati, pa kamalo kotchedwa makula.

Makula ali pakati pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala. M'lifupi mwake ndi mamilimita 5 ndi theka basi, koma ndi amene amatithandiza kuwerenga, kulowetsa ulusi pa singano ndi kusankha miyala mumpunga. Pa ukalamba kamaloka kamayamba kusonkhanitsa tizinyalala tachikasu, chiyambi cha matenda a makula, ndipo matendawa akakula amatenga njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi youma. Maselo amafa n'kusiya chigamba chosaona, chimene chimakula mwakachetechete. Ofufuza amajambula diso lomwelo mobwerezabwereza ndi makina ojambula mkati mwa diso monga OCT, n'kumayeza chigambacho. Apeza kuti mwa ambiri chimakula pafupifupi masikweya milimita 2 pachaka, ngakhale mwa ena chimathamanga ndipo mwa ena chimakwawa. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti nthawi zambiri chimayamba kuzungulira m'mbali, pakati penipeni n'kutsala kwa zaka. Ndiye agogo amatchula bwinobwino zilembo za pakhoma la chipatala chimodzichimodzi, koma mzere wa m'buku la nyimbo umawaduka. Kunyumba amayamba kuwanena kuti akunamizira, pamene akunena zoona. Mankhwala oyamba olimbana ndi njira youmayi anavomerezedwa ku America mu 2023, ndipo amangochepetsa liwiro la chigamba, sabwezera zimene zatayika.

Yachiwiri ndi yonyowa, ndipo siidikira. Timitsempha tatsopano tofooka timamera pansi pa makula n'kumadontha madzi ndi magazi. M'masabata ochepa chabe munthu akhoza kutaya kuona kwa pakati. Jakisoni wobaya m'diso amathandiza kwambiri pamenepa, koma akabayidwa msanga.

Kafukufuku wamkulu wa matenda a maso a okalamba wotchedwa AREDS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001 ku America, anaonetsa kuti mavitamini ena pamodzi ndi zinki amachepetsa ndi 25 peresenti ngozi yofika pagawo lomaliza, kwa okhawo amene matenda afika kale pakatikati kapena akula kale m'diso limodzi. Ambiri mwa oyezedwawo anali azungu, ndipo ndimalakalaka maso a okalamba athu atatsatidwanso chimodzimodzi. Za fodya zokha n'zosakayikitsa: wosuta ali pangozi yoposa kawiri ya wosasuta.

Kamodzi pasabata, athandizeni agogo kutseka diso limodzi ndi dzanja, ayang'ane felemu ya chitseko, kenako asinthe diso. Felemuyo ikaoneka yokhota kapena yodukiza pakati, musadikire mwezi uthe. Apititseni kuchipinda cha maso ku Zomba Central Hospital sabata yomweyo.