Marymount ya ku Mzuzu: momwe masisitere a ku Canada anapezera atsikana malo

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likamatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, pali maina a sukulu amene anthu amawayembekezera wolengeza asanatsegule n'komwe pakamwa. Limodzi mwa mainawo ndi Marymount, sekondale ya atsikana ya mpingo wa Katolika mumzinda wa Mzuzu. Ambiri amaidziwira mapointi basi. Koma inamangidwa pa nthawi imene kulipirira mwana wamkazi sekondale kunkaoneka ngati kuponya ndalama m'madzi, ndipo kuti timvetse zimene inachita tiyenera kuyambira kumeneko.

Kumpoto sukulu inafika kale. Amishoni a ku Scotland anakhazikika ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakwera phiri la Khondowe kukatsegula Overtoun Institution ku Livingstonia. Kumeneko kunatuluka aphunzitsi, akalaliki, amisiri ndi abusa amene anakagwira ntchito mpaka ku Northern Rhodesia, ku Tanganyika ndi ku Joni. Pafupifupi onsewo anali amuna. Atsikana ankaphunzira ndithu, koma zambiri zinali kuwerenga Baibulo, kusoka, kuchapa ndi kusamala pakhomo, kuti aphunzitsi ndi alaliki adzapeze akazi owayenera. Sekondale zitayamba kuoneka m'dziko muno, Blantyre Secondary School ndi Zomba Catholic kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, kenaka Dedza mu 1951, atsikana opeza malo anali owerengeka pa zala. Vera Chirwa, amene anadzakhala loya woyamba wamkazi m'Malawi, anachita kuchoka kumpoto n'kupita ku Blantyre kuti aone khomo la sekondale.

Akatolika anafika mochedwa m'chigawochi, Apresibeteriyani atazika kale mizu. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Katete m'boma la Mzimba mu 1938, ndipo mu 1947 Roma anadula chigawo cha kumpoto kuti chiime pachokha, n'kuchipereka m'manja mwa Monsinyo Marcel St-Denis wa ku Canada. Iye atafuna masisitere anayang'ana kwawo. N'chifukwa chake mu 1948 kunafika masisitere a chipani cha Missionary Sisters of the Immaculate Conception, amene anthu amangowatchula kuti a MIC. Chipanichi anachiyambitsa ndi mayi Délia Tétreault ku Montreal mu 1902, ndipo ulendo wake woyamba wa umishoni unali wa ku China mu 1909. Kuno anayamba ndi sukulu za pulaimale ndi kusamala odwala, komanso anathandiza kulera chipani cha masisitere a kuno konkuno, a Rosarian, chimene chinayamba mu 1951.

Mpingo wofika mochedwa umayang'ana pamene anzake sanalimepo. Kwa ine, apa ndi pamene Akatolika a kumpoto anaona patali. Pa maphunziro a anyamata sakanapikisana ndi Livingstonia msanga, koma mtsikana womaliza pulaimale analibe kolowera. Mu 1961 Mzuzu inakhala dayosizi, episikopi wake woyamba Ambuye Jean-Louis Jobidon, nawonso a ku Canada. Mu 1963, chaka chimene Nyasaland inayamba kudzilamulira, masisitere a MIC anatsegula Marymount. Mzuzu wa nthawi imeneyo sanali mzinda. Kanali katauni kongophuka kumene pambali pa minda ya mitengo ya tung imene bungwe la atsamunda linadzala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ulemu wotchedwa mzinda unadza mu 1985. Atsikana oyambawo anamaliza Fomu 4 University of Malawi, imene inayamba mu 1965, idakali yatsopano, ndipo dziko latsopanolo linkafuna anamwino, aphunzitsi ndi alembi mwachangu.

Anthu akafunsa chinsinsi cha sukulu ngati imeneyi amathamangira kutchula mwambo wa masisitere, kapena kuti amasankha ana anzeru okhaokha. Zonsezo n'zoona. Koma chachikulu chimene sukulu yogonera konko inapatsa mtsikana ndi nthawi. Ganizirani tsiku la mtsikana wa kumudzi woyendera. Tambala woyamba akalira watenga ndowa kupita kudambo kapena kumjigo. Wasesa pabwalo, watereka madzi osamba a bambo ndi achimwene ake, kenaka n'kuyamba ulendo wa kusukulu, mwina ola lathunthu. Pobwera kukumudikira nkhuni, mtondo, ndiwo zoti athyole ndi mwana woti abereke. Mdima ukagwa, nyali ikakhala imodzi, kawirikawiri imapita kwa mnyamata. Kuwonjezera apo, kumadera kumene ukwati umayenda ndi malowolo a ng'ombe, mtsikana akangotha msinkhu alendo sachedwa kufika pakhomo. Mpanda wa masisitere unachotsa mwana pakati pa zonsezi kwa miyezi itatu nthawi imodzi, n'kumupatsa madzulo akeake oti akhale pansi ndi buku.

Moyo wa mkati mwa mpandawo umafanana kwambiri m'sukulu zonse za mtunduwu, kaya ndi ku Ludzi ku Mchinji, ku Providence ku Mulanje, ku Likuni, ku Nkhamenya kapena ku St Mary's ku Zomba. Belu ndiye mfumu. Limalira kusanache, ndipo ku Mzuzu kudzuka mu June kapena July, nkhungu itakuta ndi kamvula kowaza kochokera ku Viphya, si masewera. Mwana wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje amalira ndi kuzizira teremu yoyambayo. Kuyala bedi, kukolopa, kusesa gawo limene wapatsidwa, phala, mapemphero, kalasi. Masana ndi madzulo nsima ya nyemba kapena kabichi, nyama kapena nsomba pa masiku ake odziwika amene aliyense amawawerengera. Kamba wochokera kunyumba, chiponde, chimanga chokazinga, shuga ndi botolo la Sobo, amasungidwa ngati mankhwala kuti afike pa tsiku loti makolo adzaone ana. Usiku ndi prep: kalasi yonse zii, kungomveka masamba a makope, pulifekiti atakhala kutsogolo ndi pepala lolembapo olongolola.

Kunja kwa kalasi kuli kwaya, mpira wa ntchemberembaye, zisudzo, mitsutso ya m'Chingerezi ndi magulu a mapemphero monga YCS (Young Christian Students). Ana a mipingo ina, ngakhale a Chisilamu, akhala akuphunzira m'sukulu za Akatolika kuyambira kale. Chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti pasukulu ya atsikana okhaokha udindo uliwonse umagwera mtsikana. Woyamba pa masamu ndi mtsikana, woyatsa moto mu labotale ndi mtsikana, wotsogolera mtsutso ndi mtsikana. Palibe mnyamata womuseka akalakwitsa yankho, ndipo palibe womuuza kuti sayansi si ya akazi. Mwana wokula choncho zaka 4 amakafika ku yunivesite atazolowera kukweza dzanja.

Sikuti zonse zinali zokoma. Malamulo a masisitere ndi olimba, ndipo kwa zaka zambiri m'dziko lonse lino mtsikana wopezeka ndi pathupi ankachotsedwa sukulu osadzabwereranso, mnyamata kapena bambo wochimwitsayo n'kumapitiriza moyo wake. Lamulo lolola mtsikana kubwerera akabereka linabwera mu 1993. Ambiri anatayika lisanafike, ndipo ena mwa iwo anali anzeru kuposa amene anatsala.

Za mapointi, owerenga achinyamata akudziwa: pa MSCE, mayeso a Fomu 4 aja, amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, giredi 1 ndiyo yapamwamba, choncho mapointi 6 ndiye mapeto a kukhoza. Mayesowa analowa m'malo mwa a Cambridge amene atsikana oyamba aja ankalemba. Marymount yakhala ikupezeka kawirikawiri pa mndandanda wa sukulu zokhoza bwino m'dziko muno, ndipo wailesi ya Zodiak itayamba kupereka mphoto kwa atsikana ochita bwino pa mayesowa, dzina lake linkamveka limodzi ndi sukulu zina za mishoni. Amene anadutsa pamenepo lero muwapeza m'zipatala, m'makhoti, m'mabanki, m'makoleji ndi m'maofesi a boma, ena kunja kwa dziko.

Kukhala kumpoto kunali ndi mtengo wake. Mu 1968 boma linachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kota, njira yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Kota inachoka, n'kubwereranso mu 2009, mpaka inathetsedwa mu 2020. M'zaka zimenezo mtsikana wa ku Rumphi kapena ku Chitipa ankatha kukhoza bwino kuposa mnzake wogona naye chipinda chimodzi koma n'kutsala, chifukwa cha kumene makolo ake anabadwira. Amene amaikira kumbuyo kota ankati maboma ena anatsalira chifukwa amishoni sanawafikire, ndipo pamenepo sankanama. Koma kulanga mwana wa zaka 17 chifukwa cha kumene Laws anamanga sukulu yake sikunali kukonza mlanduwo.

Chimene chimandipweteka pa mbiri imeneyi ndi kuchepa kwa malo. Boma litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Sekondale zogonera sizinakule choncho. Mu 1998 malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education (MCDE) anasandutsidwa ma Community Day Secondary School (CDSS), ndipo ndi kumeneko kumene atsikana ambiri a m'Malawi amaphunzira lero: oyendera, nthawi zambiri opanda labotale, mabuku ochepa. Amene kwawo n'kutali amachita lendi kachipinda pa tauni yapafupi, kudziphikira okha, popanda matroni kapena mpanda, ufa ukatha n'kukhala pa chifundo cha aliyense wokhala ndi ndalama. Fizi ya sukulu yogonera ngati Marymount, kuphatikiza thiransipoti, yunifolomu, matiresi ndi sopo, ndi katundu amene mlimi wa chimanga cha pakhomo sangasenze popanda wachibale wa pantchito kapena bungwe lomuthandiza.

Ndiye mukamva boma kapena mabungwe akulonjeza mahositelo a atsikana pa ma CDSS, dziwani kuti akuthamangira nzeru imene masisitere a MIC anaigwiritsa ntchito ku Mzuzu mu 1963. Nyumba yokha siikwana. Pamafunika mayi wogona pafupi ndi anawo, chakudya chofika mpaka tsiku lotsekera, magetsi kapena sola yoti prep ichitike, ndi mphunzitsi wa sayansi amene sadzathawa teremu isanathe.