Boma la America likatseka, masiku a mapepala anu saima

Akuluakulu a ku Washington akangolephera kugwirizana za bajeti, foni ya ku ofesi kwanga imayamba kulira ndi funso lomwelomwelo: "A loya, poti boma latseka, za mapepala zija tiyambe taima kaye, eti?" Ayi, musaime. Ndimagwira ntchito ya milandu ya anthu olowa m'dziko kuno ku America, ndipo funso limeneli landikwana. Komabe olifunsawo bola. Ondidetsa nkhawa ndi aja safunsa n'komwe, amangomva pa gulu la WhatsApp kuti zonse zatsekedwa, basi n'kupinda manja.

Chimene amachitcha shutdown si kugwa kwa boma, ngakhale abale kumudzi amaimba foni mwamantha ngati kuno kwabuka chipolowe. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Okutobala. Tsikulo likakwana Congress, nyumba ya malamulo ya kuno, isanavomereze ndalama, lamulo la Antideficiency Act limaletsa nthambi za boma kugwiritsa ntchito ndalama zomwe sizinapatsidwe. Kale maofesi ankangopitiriza ntchito kwinaku akudikira, mpaka mu 1980 ndi 1981 pamene Benjamin Civiletti, mkulu wa zamalamulo m'boma la Jimmy Carter, anamasulira lamuloli mokhwimitsa: popanda ndalama ntchito iime, kupatula yoteteza moyo ndi katundu. Ndiye chimene chimatseka ndi ofesi yodalira ndalama zovomerezedwa chaka ndi chaka. Ili ndi thumba lakelake imatsegula m'mawa monga mwa masiku onse.

Anthu amathera nthawi imene alipira kwa loya akundifunsa kuti wolakwa ndani. Mu 2013 a chipani cha Republican anakana ndalama pofuna kugwetsa Obamacare, lamulo la Barack Obama la inshulansi ya zaumoyo, boma linatseka masiku 16, a Democrat n'kumati anzawo agwira dziko pakhosi. Mu Disembala 2018 Donald Trump ananena pamaso pa makamera kuti anyadira kutseka boma kaamba ka chitetezo cha m'malire. Ankafuna madola 5.7 biliyoni omangira khoma m'malire ndi Mexico, ndipo zinatenga masiku 35. Mu 2025 zinatembenuka: a Republican anali ndi mipando 53 mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, pomwe pamafunika mavoti 60, a Democrat anakana kuwonjezerapo awo pokhapokha thandizo la inshulansi ya zaumoyo litapitirizidwa, ndipo mawu omwe aja a kugwira dziko pakhosi anatuluka pakamwa pa mbali inayo. Anatha masiku 43, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 12 Novembala, mawebusayiti ena a boma atalembedwa uthenga wodzudzula chipani chotsutsa. Ine ndimaona kuti mbali zonse zimadziwa chimene zikuchita, ndipo malipiro a aphunguwo saima ngakhale tsiku limodzi. Koma woweruza wa mlandu wanu sadzakufunsani kuti mumaloza chala chipani chiti.

Sindikunena kuti palibe opwetekeka. Pa shutdown ya 2018 mpaka 2019, ogwira ntchito m'boma pafupifupi 800,000 anakhala osalandira malipiro. Iwowa lamulo la mu 2019 limati azibwezeredwa boma likatsegula. Osesa, alonda ndi ophika m'makantini a maofesi a boma, amene amalembedwa ndi makampani a kontirakiti, lamulolo siliwakhudza, ndipo ku Washington, Maryland ndi Virginia ambiri mwa iwo ndi anthu ochokera kunja. Mu Novembala 2025 thandizo la chakudya la SNAP, lomwe limafikira anthu pafupifupi 42 miliyoni, linasokonekera, ndipo ndege zinachepetsedwa pa mabwalo 40 chifukwa owongolera ndege ankagwira ntchito osalipidwa. Zimenezi n'zoona, ndipo n'zimene zimachititsa munthu kuganiza kuti china chilichonse chaima.

USCIS, ofesi yoona za mapepala a olowa m'dziko, siitseka. Imadya ndalama zimene inu nomwe mumalipira potumiza mafomu. Ngati akuitanani kukadinda zala kapena kukafunsidwa mafunso a green card, pitani. Positi ofesi imayenda. A ICE, amene amamanga ndi kuchotsa m'dziko anthu opanda mapepala, amagwira ntchito. Ma viza ndi mapasipoti ku maofesi a kazembe, kuphatikizapo wa ku Lilongwe, amayendera ndalama zolipira omwe akufunsira, choncho wachibale amene ali ndi tsiku lake asalephere kupita pokhapokha atauzidwa ndi ofesiyo. Amene anapempha nthawi yowonjezera yoperekera mafomu a msonkho, 15 Okutobala yake inali yomweyo mu 2013 ndi mu 2025. Deti lolembedwa pa I-94, chikalata chosonyeza tsiku lomaliza limene mwaloledwa kukhala m'dziko, silisuntha. Chaka chimodzi chimene lamulo limapatsa munthu kuti apemphe asylum, chitetezo cha othawa kwawo, chimawerengedwabe tsiku ndi tsiku, Congress ikangane isakangane.

Zimene zimaimadi zilipo. E-Verify, imene olemba ntchito amatsimikizira chilolezo cha munthu, imazima. Unduna wa zantchito umasiya kaye kuvomereza zikalata zofunika pa viza ya ntchito ya H-1B. Ndipo makhoti a milandu ya olowa m'dziko, omwe ali pansi pa unduna wa zachilungamo, mu 2018 mpaka 2019 anaimitsa milandu yoposa 80,000 ya anthu amene sanali m'ndende. Apa ndi pamene bodza lija limapezera mphamvu, chifukwa pali wina amene zinamuchitikiradi ndipo amafotokozera anzake ngati ndi lamulo. Si lamulo. Undunawo umatulutsa dongosolo lake nthawi iliyonse, ndipo la ulendo uno silikakamizidwa kufanana ndi la ulendo watha.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ankasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo tsiku lake la kukhoti linagwa mu Januwale 2019, boma lili chitsekere. Mlandu unaimitsidwa, ndipo mpaka apa panalibe cholakwika. Masabata omwewo gogo amene ankamusamalira anamwalira, mayiyu n'kusamukira mzinda wina kukayamba ntchito ina. Lamulo limati ukasamuka uuze khoti pasanathe masiku 5, pa fomu ya EOIR-33. Kuuza a positi sikokwanira, kuuza USCIS sikokwanira, khoti liyenera kuuzidwa palokha. Iye anapita kwa bambo wina amene anthu a kutchalitchi ankati amadziwa za mapepala. Bamboyo analandira ndalama, nati khoti n'lotseka, adzatumiza likatsegula. Sanatumize. Kalata ya tsiku latsopano inapita ku nyumba yakale, tsikulo linafika, mayiyu kulibe, ndipo woweruza analamula kuti achotsedwe m'dziko iye asakudziwa.

Anadzazindikira patapita zaka, atakwatiwa ndi nzika ya kuno, atabwera kwa ine akuganiza kuti yatsala ndi ntchito yongolemba mafomu. Lamulo limapereka masiku 180 oti munthu apemphe kutsegulanso mlandu ngati anajomba pa zifukwa zazikulu. Masikuwo anali atapita kalekale. Njira ina ndi kusonyeza kuti kalata simunailandire, koma khoti limaiwerengera kuti inafika ngati inatumizidwa ku adiresi yomaliza imene inu munapereka. Bambo uja sanasiye lisiti, sanasaine paliponse, nambala yake inali itasintha. Chimandipweteka n'chakuti nkhani imene inamuthawitsa kwawo inali yomveka, ndipo palibe woweruza amene anaimvapo. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwaukwau, koma mayiyu sanazengereze. Anachitapo kanthu msanga, kungoti anagogoda pa khomo lolakwika.

Anthu amenewa sasiyana ndi a dobadoba amene timawadziwa pa zipata za maofesi kwathu, kungoti a kuno amavala tayi ndipo ali ndi chidindo. Shutdown ndi nyengo yawo yokolola. Wina adzakuuzani kuti ali ndi munthu mkati amene angatulutse fayilo yanu ofesi ili yotseka. Wina adzaimba foni akudzitcha wa USCIS, akufuna ndalama kudzera pa gift card kuti mlandu wanu usafufutidwe. Boma la America silitolera ndalama mwanjira imeneyo. Notary public si loya. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti wasaina ndi inuyo, basi, ndipo m'madera ambiri kupeza chidindocho sikufuna sukulu ya zamalamulo. Ololedwa kukulangizani pa nkhanizi ndi loya amene ali ndi chiphaso cha boma la dera lake, kapena woimira anthu wovomerezedwa ndi unduna wa zachilungamo amene amagwira ntchito m'bungwe lodziwika ku undunawo. Mabungwe oterewa ambiri ndi a mipingo ndipo salipiritsa zambiri. Wokuimirani weniweni amasaina fomu ya G-28 ku USCIS kapena EOIR-28 kukhoti, dzina lake n'kukhala pa fayilo yanu. Akamakana kulemba dzina lake, tengani mapepala anu muzipita. Mafomuwo pawokha ndi aulere pa intaneti. Musasaine fomu yosalembedwa, ndipo musasiye pasipoti yanu kwa munthu.

Ndipo ngati mwajomba kale tsiku la kukhoti, musakhale pansi kudikira kuti andale agwirizane. Pezani loya sabata yomwe ino, chifukwa masiku 180 aja anayamba kuwerengedwa tsiku limene woweruza anagamula. Ngati tsiku lanu likubwera, tengani A-number yanu, nambala ya fayilo yanu, muone pa makina a khoti, pa foni kapena pa intaneti, ndipo muonenso m'mawa wa tsikulo. Zikapanda kumveka bwino, valani mupite. Mukapeza chitseko chili chotseka, jambulani chikalata chimene amata pakhomopo, sungani tikiti ya basi kapena ya poimika galimoto, ndipo mutsimikize kuti adiresi imene khoti lili nayo ndi ya nyumba imene mukugonamo panopa.