Chifukwa chake kuchipatala sathandiza motsata amene wafika msanga

Zipatala za m'Malawi zinayamba ndi amishoni. Dr Robert Laws anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo zipatala monga Nkhoma, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa ndi zipatso za ntchito yotereyi. Lero zili pansi pa CHAM, bungwe loyang'anira zipatala za mipingo yachikhristu. Boma nalo linamanga zake, kuphatikizapo Queen Elizabeth ku Blantyre mu 1958 ndi Kamuzu Central ku Lilongwe mu 1977.

Zonsezi zinayalidwa ngati makwerero. Pansi pali alangizi a zaumoyo ndi zipatala zazing'ono, kumene kuli katemera, sikelo ndi mankhwala a malungo. Pakati pali chipatala chachikulu cha m'boma lililonse, chimene chimathira magazi, kujambula m'thupi ndi kuchita opaleshoni mayi akalephera kuchira bwino. Pamwamba ndi pa Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, pomwe pali akatswiri. Wachimfine akalumphira pamwamba amatalikitsa mzere wa wodwala impso.

Cholumikiza makwererowa ndi kalata yotumizira wodwala pamodzi ndi buku la kuchipatala. Musazipeputse. Mukafika opanda bukuli, dokotala sadziwa jakisoni amene mwabayidwa kale, ndiye angabwereze mankhwala kapena kuyambanso kupima pomwe nthawi ikutha.

Chimene chimakwiyitsa ambiri ndi cha pamzere. Namwino amayendera ana omwe akudikira n'kuwagawa patatu, njira imene madokotala a ana a pa Queens anathandiza kukonza. Oyamba ndi osadikiritsa ngakhale mphindi imodzi: mwana wobanika kapena amene milomo yada posowa mpweya, wokomoka, wozizira manja pomwe mtima ukugunda mofulumira koma mofooka, ndi wotsekula m'mimba amene maso alowa ndipo walefukiratu. Achiwiri amapita kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi iwiri, wotentha thupi kwambiri, woyera zikhato chifukwa chochepa magazi, wopsa ndi moto, womwa poizoni, wotupa mapazi onse awiri. Otsalawo amadikira.

Kusankhaku n'kofunika chifukwa ana ambiri omwalira m'chipatala amamwalira tsiku loyamba lomwe, ena asanaonane n'komwe ndi dokotala. Pamene pamavuta m'pakuti mwana wodwalitsitsa nthawi zambiri salira. Amangokhala zii kumbuyo atafunditsidwa chitenje, namwino n'kumudutsa. Choncho m'vundukuleni kuti nkhope ndi chifuwa zioneke. Akasintha muli pamzere, kaya wasiya kuyamwa kapena wayamba kupuma mobanika, nyamukani pomwepo mukauze namwino, ngakhale atamuona kale.