Leo Mazzone, kochi wogwedezeka pa benchi

Amene ankaonera Atlanta Braves, timu ya baseball ya ku America, pa kanema m'zaka za m'ma 1990 amamukumbukira bambo wamasharubu uja, atakhala pa benchi, akugwedezeka chakutsogolo ndi chakumbuyo osaleka ngati mayi wogoneka mwana. Anali Leo Mazzone, kochi wa oponya mpira. Iye mwini sanaponyeko ngakhale mpira umodzi mu ligi yaikulu.

Ndiyambe ndafotokoza ntchitoyo. Mu baseball, pitcher ndi uja amaima pa kachulu pakati pa bwalo, mamita 18.44 kuchokera pomwe paima womenya, n'kuponya mpira womwe liwiro lake limatha kufika makilomita 150 pa ola. Phewa ndi chigongono sizinalengedwere zimenezo, ndipo zimatha msanga. Pansi pa ligi yaikulu pali maligi aang'ono osanjikizana, Single-A, Double-A ndi Triple-A, komwe anyamata amayenda maulendo ataliatali pa basi ndi malipiro osadyetsa banja, aliyense akudikira kuitanidwa kumwamba. Ambiri saitanidwa. Mazzone, woponya ndi mkono wamanzere, wobadwa mu 1948, anakhala kumeneko zaka pafupifupi khumi kuyambira mu 1967, m'matimu aang'ono a San Francisco Giants ndi Oakland Athletics, mpaka anavomereza kuti foni ija siidzalira.

Mu 1979 Braves inamulemba ntchito yophunzitsa anyamata ake a m'maligi aang'ono. Kumeneko anakumana ndi Johnny Sain, mkulu yemwe kale anali katswiri woponya wa Boston Braves ndipo anaphunzitsapo kumatimu a Yankees ndi Tigers. Sain anali ndi maganizo omwe anzake ankawanyoza: mkono sulimba poupumitsa, umalimba pougwiritsa ntchito kawirikawiri koma mosaukakamiza. Mazzone anamvetsera.

Apa m'pamene pagona nkhani. Woponya woyamba masewero amasewera kamodzi pa masiku asanu, ndipo mwambo unali woti pakatipo akwere kachulu kamodzi kokha kukayeserera. Mazzone atakwezedwa kupita ku timu yaikulu mu 1990, chaka chomwe Bobby Cox anabwereranso pa umanejala, anawauza kuti azikwera kawiri, koma osatulutsa mphamvu zonse. Cholinga chinali choti zala zisaiwale mpira. Ndipo chomwe ankayeserera mobwerezabwereza chinali chimodzi: mpira waliwiro wodutsa m'munsi, cha m'mawondo, kumbali yotalikirana ndi womenya. Pamenepo chibonga chimafika chitatha mphamvu, mpira n'kungogubuduka pansi. N'zosasangalatsa kuonera. Koma zimapha adani.

Ife ophunzitsa masewero timachidziwa chinthu ichi ngakhale sitikonda kuchinena: munthu amene zinkamuyendera mwachibadwa nthawi zambiri satha kufotokoza chomwe ankachita. Ukamufunsa amangoti "ponya basi". Amene anavutika zaka khumi kufunafuna chomwe chikumusowa ndiye amaona kuti phazi la mnyamata latera msanga, kapena kuti chigongono chatsika pang'ono chifukwa watopa koma akubisa.

Pa nthawi yake, oponya a Braves anatenga mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi, kasanu ndi kamodzi: Tom Glavine mu 1991 ndi 1998, Greg Maddux mu 1993, 1994 ndi 1995, John Smoltz mu 1996. Timuyo inatsogola m'chigawo chake maulendo 14 otsatizana ndipo inatenga World Series, mpikisano womaliza wa ligi yaikulu, mu 1995.

Ena amati ndi anthu ngati amenewo, ngakhale mlonda wa pageti akadatchuka. Sindikuwatsutsa kotheratu, Maddux anabwera ku Atlanta atatenga kale Cy Young ku Chicago Cubs mu 1992. Komabe ine chomwe chimandigwira mtima si akatswiriwo, ndi oponya otayidwa ndi matimu ena, omwe ankafika ku Atlanta n'kutsitsimuka, ngati John Burkett ndi Jaret Wright.

Itatha 2005, Mazzone anapita ku timu ya Baltimore Orioles kukagwira ntchito ndi mnzake wa paubwana, Sam Perlozzo, yemwe anali manejala wa timuyo. Njira inali yomweyo, benchi ankaigwedeza chimodzimodzi, koma oponya a Orioles anakhalabe m'gulu la otsalira mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu. Perlozzo anachotsedwa mu June 2007. Sizoni itatha anachotsanso Mazzone, kontrakiti yake itatsala ndi chaka chathunthu.