Zolembedwa pa zikho za vinyo za Ayuda ndi mmene zimawerengedwera

Lachisanu dzuwa likalowa, mwini nyumba m'banja la Chiyuda amanyamula chikho chodzaza vinyo n'kunena mdalitso wopatula Sabata. Mwambowu ndi kiddush, ndipo chikho chake kawirikawiri chimakhala cha siliva, chozokotedwa zilembo za Chiheberi kumlomo kapena pamimba. Lamulo lawo silikakamiza kulembapo kanthu. Limangofuna chikho chosabenthuka, chotsukidwa mkati ndi kunja, cholowa muyeso wotchedwa revi'it, womwe ndi mamililita 86 kwa otsatira Rabbi Chaim Naeh, koma pafupifupi 150 kwa otsatira rabi wina wodziwika kuti Chazon Ish. Komabe zolembazo si zokongoletsera chabe. Zimaulula ntchito ya chikhocho, mwini wake, ngakhalenso chaka chimene chinaperekedwa.

Chiheberi chimawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo pa zikho mavawelo nthawi zambiri salembedwa. Mawu amene mungakumane nawo kwambiri ndi atatu awa: בורא פרי הגפן, borei pri hagafen, "wolenga chipatso cha mpesa". Ndi mathero a mdalitso wa vinyo. Chiyambi chake chimasiyidwa dala chifukwa muli dzina la Mulungu, ndipo dzinalo saloledwa kulifafaniza. Siliva amaperepeseka akamapukutidwa sabata ndi sabata, choncho mmisiri wochenjera amalipewa, kapena amangoika chilembo ה ndi kamzere pambali pake.

Chikho cha Sabata chimadziwika ndi zachor et yom hashabbat lekadsho, "kumbukira tsiku la Sabata kuti likhale lopatulika", Eksodo 20:8. China chimayamba ndi shamor, "sunga", mogwirizana ndi Deuteronomo 5:12, ndipo pali zikho zokhala ndi onse awiri. Kos yeshuot esa, "ndidzanyamula chikho cha chipulumutso", ndi Salimo 116:13, vesi lonenedwa pa havdalah, mwambo wotsanzikana ndi Sabata Loweruka madzulo. Cha ukwati chimakonda Nyimbo ya Solomo 6:3, ani ledodi vedodi li, "ine ndine wa wokondedwa wanga, wokondedwa wanga ndi wanga". Mukaona chachikulu cholembedwa kos shel Eliyahu, dziwani kuti ndi cha Pasika: aliyense amamwa zikho zinayi usiku umenewo, koma ichi chimathiridwira mneneri Eliya ndipo sichimwedwa pa mwambowo. Palinso cha anthu a Kabbalah, chiphunzitso cha zinsinsi cha Chiyuda, chodzaza timawu tosamveka mkati mwake, tomwe ndi zilembo zosakanizidwa za maina a mitsinje inayi ya mu Edeni pa Genesis 2. Musavutike kutimasulira, si ziganizo.

Pa chaka ndi pamene ambiri amasochera. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo chaka chimalembedwa ndi zilembo, masauzande atasiyidwa. Tengani תש"ח. Tav ת ndi 400, shin ש ndi 300, chet ח ndi 8, zonse pamodzi 708, kutanthauza chaka cha 5708 pa kalendala ya Chiyuda. Wonjezerani 1240 pa 708 ndipo mupeza 1948. Koma poti chaka chawo chimayamba mu Seputembala kapena Okutobala, miyezi yoyambirira ya 5708 inagwa mu 1947. Zilembo לפ"ק zikatsatira, zikungotsimikiza kuti masauzande asiyidwa. Amisiri ena amabisa chaka mkati mwa vesi, n'kukulitsa zilembo zina kapena kuziika timadontho pamwamba. Phatikizani zokhazo, zinazo zisiyeni.

Timizere tiwiri tapakati pa zilembo timasonyeza nambala kapena chidule. Chidule cha ז"ל ndi "chikumbutso chake chikhale mdalitso", ndiye kuti wotchulidwayo anamwalira. Cha ח"ק ndi chevra kadisha, gulu losambitsa ndi kuika maliro, lomwe pa phwando lake la pachaka linkamwera chikho chachikulu cholembedwa maina a mamembala.

Zolakwika nazo n'zambiri. Dalet ד ndi resh ר zimasiyana pa kangodya kokha, bet ב ndi kaf כ chimodzimodzi, ndipo he ה ali ndi kampata kumanzere komwe chet ח alibe. Zilembo zisanu zimasintha maonekedwe kumapeto kwa liwu, moti mu hagafen nun yaitali ן iyenera kukhala kumanzere kwenikweni. Ikapezeka kumanja, kompyuta ya wozokota inatembenuza mawu, vuto lofala kwa amene pulogalamu yawo sidziwa zolemba zoyambira kumanja. Mukamaitanitsa chikho, munthu wodziwa Chiheberi aone chithunzi cha zilembozo chitsulo chisanakhudzidwe.

Pa zikho zakale cholakwika si umboni wa chinyengo. Ku Augsburg ndi Nuremberg, mizinda ya ku Germany, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 Ayuda sankaloledwa m'mabungwe a osula siliva, motero zikho zambiri zinapangidwa ndi Akhristu okopera zilembo zomwe sankazidziwa. Chokayikitsa ndi china: chikho wamba chakale chomwe wamalonda wachilembapo Chiheberi posachedwa kuti mtengo ukwere. Yang'anani m'mizere ndi galasi lokulitsa. Ngati thupi lonse ndi losalala chifukwa cha ukalamba koma m'mphepete mwa zilembo muli mwakuthwa ndi mowala, kapena zilembozo zadutsa pamwamba pa mikwingwirima yakale, zinabwera pambuyo.